Mimba ya Mng'ono Wanga ndi Msewu wa ku Limbe

Tchuthi chikafika sindisowa alendo. Ana akukoleji a kuno ku matiyi akangomva kuti kwathu kuli munthu amene anayesapo zoyendetsa ndege za asilikali, amabwera pakhomo panga atatchena, ena ndi cholembera chomwe m'manja, ati ndiwapatse malangizo. Ine mphunzitsi wa ana a sitandade yachitatu! Ndege ndimaiona ikudutsa ngati wina aliyense, dzanja lili pamphumi. Koma poti munthu wobwera mwaulemu sum'bweza chimanjamanja, ndimawauza chimodzi chokha. Za masamu ndi sayansi akakuuzani ena. Ine ndikuti kakwereni kaye minibasi pa Makwasa, mukhale mpando wakumbuyo kwenikweni, mukatsike ku Limbe, ndipo pobwera mudzandiuze kuti mimba yanu yati chiyani. Amaseka, kuyesa ndikucheza. Sindicheza ayi.

Munthu wakwathuyo ndi mng'ono wanga, mzime wa amayi, amene anatenga nzeru za banja lonse n'kutisiyira enafe makombo. Anali chaka chomaliza ku koleji ku Blantyre, akuphunzira zamakina, pamene anabwera kutchuthi ndi nkhani yakeyi. Ine ndi amayi tinali pakhonde tikusenda nandolo. Iye anangofika n'kukhala pansi, nati, "Ine ndikamaliza ndikukalowa usilikali. Ndikufuna kuyendetsa ndege." Ananena ngati munthu amene akutsanzika zopita kuchigayo.

Ndinaseka mpaka nandolo anamwazika. Sikuti ndinaseka chifukwa ndi mkazi ayi. Maso anali nawo akuthwa, msinkhu wabwino, ndipo zitunda za tiyi zimene ife timakwera tikuitana Mulungu iye ankazikwera chothamanga. Chinandiseketsa ndi mimba yake. Mwana ameneyu chibadwire anali asanakwerepo galimoto n'kutsika ndi chakudya chimene anakwera nacho. Makondakitala a msewu wa ku Limbe ankamudziwa kuposa abale ake ena. Akangomuona pasiteji ankakuwa, "Akoleji aja abwera, apatseni windo!" Ndipo amene wakhala pawindo ankasuntha yekha osanyinyirika, makamaka ngati anayendapo naye kale.

"Iwe," ndinatero, "windo la ndege satsegulatu."

"Ndikudziwa, achemwali."

"Nanga ukadzafuna kuti aime, udzagogoda denga la ndani?"

Sanaseke nawo. Anatiuza kuti anafunsa kale kwa anzake, ndipo anamva kuti posankha anthu amakuyeza zonse, ndi mimba yomwe, moti wochita nseru amangomuonetsa njira yobwerera kwawo. Mayeso ena onse sankawaopa. Ankaopa amenewa basi, ndipo anali ndi miyezi yochepa yoti mimbayo aiwongole. Nditamva zimenezi, ine kuseka kuja kunandithera. Ndinaona kuti mwanayu akuchifunadi chinthuchi ndi mtima wake wonse. Amayi anangopitiriza kusenda nandolo.

Pa nkhani ya ndege, kwathu katswiri analipo kale: amalume, alongo awo a amayi. Zaka zammbuyomo, nyengo yothira feteleza ikafika, esiteti inkaitanitsa kandege kodzawaza feteleza m'minda ya tiyi, ndipo amalume ndiwo ankaima kumapeto kwa munda ndi mbendera yoyera yomangirira pa nsungwi yaitali kuti woyendetsa aone polunjika. Kandege kakadutsa, iwo ankasuntha pang'ono n'kuimanso. Ntchito inali yomweyo. Koma mukawamva akufotokoza, woyendetsa ndegeyo anali wantchito wawo. "Ndikati bwera, amabwera. Ndikasuntha, amasuntha. Nde bwana anali ndani pamenepo?" M'ndegemo sanalowemo n'tsiku limodzi lomwe. Chimene anapindula ndi feteleza wa pamutu, ndipo ife tili ana tinkadabwa kuti tiyi yense uja ankaphukira koma dazi la amalume osasintha.

Mmawa mwake anatulukira ndi mbendera yawo paphewa. Anali ataisunga kuyambira pomwe esiteti inawauza kuti ndege za masiku ano zimadziwa zokha polowera, nkhani imene sanaikhululukire mpaka lero. Anakhala pampando, mwini mbumba, n'kumuitana mng'ono wanga kuti akhale pafupi.

"Choyamba," anatero, "ukafika kumapeto kwa mzere, tembenuka. Ambiri amaiwala zimenezi."

"Ndamva, amalume."

"Chachiwiri, munthu wa mbendera osamuderera. Um'patse moni mmawa."

"Amalume, ndege zankhondo sizikhala ndi munthu wa mbendera."

Amalume anandiyang'ana ine, ngati ndine amene ndinamulera molakwika. "Nde zimadziwa bwanji pomwe munda wa adani wayambira? Ana inu sukulu ikukuonongani."

Za nseru anati n'zazing'ono, angokhalira nyuzipepala. Kuno aliyense amadziwa kuti wochita nseru m'galimoto amakhalira nyuzipepala. Chifukwa chake palibe amachidziwa, komanso palibe amafunsa. Mng'ono wanga anati anayesapo kangapo osathandiza. Amalume anafunsa kuti anakhalira tsamba liti. Atamva kuti sakukumbuka, anagwedeza mutu mwachisoni. "Unakhalira la Chichewa iwe. Ndege n'chinthu chachizungu, chimafuna tsamba lachingerezi."

Tinayesa tsiku lotsatira, ine ndikumuperekeza. Kunali kotentha, dzuwa la mu Okutobala, ndipo iye anavala siketi yoyera. Tinakhala kumbuyo kwenikweni, tsamba lachingerezi lili pansi pake. Tisanafike n'komwe pa Boma la Thyolo, pamakhotakhota paja, nyuzipepala inagonja. Tinatsika pa Bvumbwe kuti asukusule. Tikuyenda pamsika tinamva bambo wina wogulitsa kabichi akutitsatira m'mbuyo.

"Achemwali, taimani pang'ono, sindinamalize."

Tinatembenuka. Bamboyo anali atawerama, maso ali pa siketi ija. Thukuta linali litasindikiza tsamba lonse lamasewero kumbuyo kwa mng'ono wanga.

"Zalembedwa chobwerera koma zikuwerengeka," anatero. "Tagonjanso, eti?"

Ndinavula chitenje changa n'kumufunditsa, ndipo bamboyo ndinamuuza mawu amene mphunzitsi sayenera kuwadziwa. Tinabwerera kwathu. Amalume atamva anati vuto linali tsamba lamasewero, chifukwa mpira umadumphadumpha.

Nkhani inafala m'malayini onse a nyumba za antchito a esiteti, ndipo malangizo anayamba kugwa ngati mvula ya chiperoni, yosaleka. Amayi ena othyola tiyi anati aike kamwala kunsi kwa lilime. Anaika, ndipo kamwalako anatsala pang'ono kukameza pa hampu ya pa Boma. Akapitawo anati alume kamtengo ka machesi. Analuma, machesi anatuluka limodzi ndi zinazo. Wina anati azinunkhiza ndimu njira yonse, koma chimene chinasintha ndi fungo lokha. Namwino wina wa ku mishoni, mnzanga wa kusukulu, anam'patsa timapiritsi. Timeneto tinagwiradi ntchito: anagona asanafike pa Boma, ndipo ku Limbe ine ndi kondakitala tinachita kum'tsitsa ngati thumba la chimanga. Atadzuka anati, "Woyendetsa ndege wogona ndi wosanza, bola wosanza."

Pomaliza anasiya kumvera anthu. Anawerenga yekha pafoni kuti mimba imaphunzitsika ngati mwana, pang'onopang'ono, pomaizungulitsa tsiku ndi tsiku mpaka izolowere. Tinapeza tayala lakutha, n'kulimangirira ndi chingwe ku nthambi ya mtengo wa mapeyala kuseri kwa nyumba. Iye ankalowa m'tayalamo, ine n'kumapota chingwe mpaka chilimbe, kenako n'kusiya. Ankazungulira ngati nguli, maso atatuzuka, mano ataluma. Akatsika ankayenda chammbalimmbali kukagwira khoma. Amayi othyola tiyi podutsa ndi madengu kumsana ankaima kaye kuonerera. "Sukulu yambiri ndi imeneyitu," ankatero. "Ife a sitandade yoyamba tikuyenda ndi miyendo yathu bwinobwino."

Amalume sankajomba. Ankaima chapatali ndi mbendera yawo akuikupiza, ati kuti mwanayo adziwe kumene kuli kumapeto. Tsiku lina anati tikuchita mwaulesi, asonyeze okha mmene munthu wodziwa ndege amakhalira. Analowa m'tayala movutikira, mimba itatsekereza. Ine ndinapota chingwecho ndi mtima wonse, pokumbukira za siketi ija. Nditasiya, amalume anayamba ndi kuimba nyimbo, kenako nyimbo inasanduka pemphero, kenako pemphero linasanduka Chilomwe chokhachokha chimene sindinawamvepo akulankhula chimwalirire agogo. Titawatulutsa anaima njo, n'kuchita sawatcha, n'kuyenda molunjika bwinobwino kukagwera m'tiyi chamutu. Panatsala miyendo yokha ikuoneka. Tikuwazula anati, "Ndimafuna ndione ngati tiyiyu akufunika kudulira."

Komabe tayala lija linathandiza. Tchuthi chitatha anabwerera ku koleji, koma kumapeto kwa sabata ankabwera kudzazungulira, ndipo ulendo uliwonse wobwerera unali mayeso. Anthu a m'malayini anayamba kutsatira nkhaniyi ngati ligi. "Dzulo anafika pati?" "Pa Boma." "Aa, ayi, akadali kutali." Patapita nthawi yankho linasintha. "Wadutsa pa Boma, wakagonjera pa Bvumbwe." "Akulimbatu mwanayu." Tsiku limene anafika pa Chigumula, amayi ena anabwera kudzatigwira chanza ngati kwabadwa mwana.

Koma pa Chigumula pomwepo zinaima. M'tayala anali atazolowera moti ankazungulira uku akundiuza nkhani za anyamata a ku koleji, n'kutsika n'kuyenda mowongoka. Koma minibasi inkamugonjetsabe, ndipo masiku ena ankabwereranso ku Bvumbwe. Anayamba kuwonda ndi maganizo. Tsiku lina ndinam'peza atakhala m'tayala osazungulira, akulira mwakachetechete. Zinandipweteka kwambiri, chifukwa mwanayu sanali wolira.

Chimene chinanditsegula maso ndi ulendo wanga. Ndinkapita ku Limbe kukagula nsalu, ndipo amayi anandipatsa tiyi wopanda mkaka ndi kachidutswa ka mbatata. Lolemba lake, tsiku loti mng'ono wanga abwerere ku koleji, ndinadzuka nyumba yonse ikununkhira mafuta. Amayi anali kukhitchini akukazinga zitumbuwa, zonona, mafuta akuchita kuyenderera. Pambali panali mbale ya nyemba za kalongonda, mapeyala awiri akupsa kwambiri, ndi chikho cha thobwa. Ndinaima pakhomo n'kukumbukira kuti ulendo uliwonse wa mwanayu unkayamba ndi phwando lotere. Iye anali kubafa.

"Amayi, bwanji ine ndikamapita ku Limbe mumangondipatsa tiyi?"

"Iwe ndiwe wonenepa kale."

"Amayi."

"Nde mwana asadye? Ndim'mane chakudya mwana wanga kuti anthu andiseke?"

"Ndi mafuta onsewa? Munthu woti akukakwera minibasi?"

Anatembenuza chitumbuwa, n'kutembenuzanso china chimene sichinafunike kutembenuza. Kenako anati, osandiyang'ana, "Mimba imeneyo anam'patsa ndi Mulungu. Mwina ankadziwa chimene akuchita. Ine ndikungothandizirapo."

Mtima wanga ndi wapachala, ndipo tsiku limenelo unaphulika. Ndinawakumbutsa za manja anga amene anachita matuza ndi chingwe, za siketi ya pa Bvumbwe, za mwana wolira m'tayala. Amayi anandisiya ndilankhule mpaka mpweya unandithera.

"Wamaliza?" anatero. "Pansi pano akagwa ndimam'dzutsa. Kumwambako, anthu akumuombera mfuti, ndikam'dzutsa bwanji?"

Ndinawakwiyirabe, koma ndinawamveranso chisoni.

Ndinam'perekeza mng'ono wanga kusiteji, ndipo m'njira ndinamuululira zonse, ndikuyembekeza kuti akwiya. Anangoseka pang'ono.

"Achemwali, mwadziwa lero? Ine ndinadziwa kalekale."

"Nde umadyeranji?"

"Inuyo amayi atakuikirani chitumbuwa m'manja, akukuyang'anani m'maso, mungakane?"

Sindikanakana, ndipo palibe mwana wa amayi aja amene akanakana.

"Ndiye titani?" ndinafunsa.

"Mimba iphunzire ndi zitumbuwa zomwe," anatero.

Kuyambira pamenepo tinasintha ndondomeko. Ankadya kaye zonse zimene amayi aphika, kutsuka mbale ndi chala, kuthokoza mwaulemu, kenako n'kukalowa m'tayala. Ine ndinkapota chingwe n'kuthawira kutali. Za masabata oyambirirawo sindifotokoza zambiri, ndingoti nkhuku za amayi zinanenepa kwambiri nyengo imeneyo. Amayi ankaonera pawindo la khitchini. Sanaleke kuphika, mwana sanaleke kudya, ndipo panalibe amene anatchula nkhaniyo kwa mnzake. Inali nkhondo ya anthu awiri okondana, yomenyedwa ndi ufa wa mgaiwa ndi nthochi.

Atamaliza koleji anatumiza zofunika zonse, ndipo patapita nthawi foni inalira: abwere kumayeso. Anafunika kukwera minibasi mpaka ku Limbe, kumeneko n'kukwera basi ina. Anali asanafikepo ku Limbe ali bwinobwino ndi ulendo umodzi womwe, kupatula uja wogona. Tonse tinkadziwa, ngakhale palibe ananena, kuti akagonja pamsewu wa kwawo womwe, mtima wokaima pamaso pa asilikali sadzakhala nawo.

Mmawa wa tsikulo mafuta ananunkhira ngati kale. Zitumbuwa zinadzaza kabeseni. Mng'ono wanga anasamba m'manja, n'kukhala pansi, n'kutambasula dzanja. Amayi anakoka kabeseniko.

"Si zako izi."

Anam'patsa tiyi wopanda mkaka ndi kachidutswa ka chinangwa chophika. Mwanayo anawayang'ana, iwo anayang'ana kumbali n'kuyamba kukalipira nkhuku imene sinalakwe kanthu. Kenako analengeza kuti nawonso akupita ku Limbe, wina asawaletse. Zitumbuwa zija, poti chakudya satayira dala, anazimanga m'kansalu n'kuzinyamula.

Pasiteji tinapeza amalume atafika kale ndi mbendera. Anaimitsa minibasi imene inali itaima kale, n'kumuuza dalaivala kuti akafika kumapeto atembenuke. Kondakitala atationa anakuwa mwachizolowezi, "Akoleji aja, apatseni windo!"

"Lero ayi," anatero mng'ono wanga. "Ndikhala pakati."

Bambo wina wovala jekete anasuntha n'kukakhala kutsogolo. Tinakhala mpando wakumbuyo, ine pawindo, iye pakati, amayi mbali inayo, kansalu kali pamiyendo.

Tinayamba makhotakhota aja. Mng'ono wanga anayang'ana kutsogolo, milomo atatseka, akupuma pang'onopang'ono. Anthu onse ankayesa kuti asamuyang'ane, koma makosi ankatembenuka okha. Tinadutsa pa Boma. Ndinasuzumira kwa amayi n'kuona atamasula kansalu kaja. Ankatenga chitumbuwa, kutafuna, kumeza, kutenganso china, maso ali pa mwana wawo, osadziwa n'komwe kuti akudya. Amayi athuwa moyo wawo wonse anakwera mathirakitala onyamula tiyi ali chiimire, m'misewu yokumbika ya m'esiteti, osamvapo chizungulire. Choncho sindinade nkhawa.

"Bvumbwe iyo!" anatero kondakitala, osati poitana otsika, koma ngati wolengeza mpira pawailesi. "Akoleji akadalipo!"

Tinadutsa pa Bvumbwe. M'kansalu ka zitumbuwa kaja munali mutatsala nyenyeswa.

Tikuyandikira pa Chigumula, panamveka kaphokoso kamene aliyense woyenda msewu umenewu amakadziwa. Anthu a mpando wa kutsogolo kwathu anawerama nthawi imodzi, mayi wina anaphimba mwana wake ndi chitenje, ine ndinatseka maso n'kunena mumtima kuti basi zatha. Nditatsegula ndinapeza mng'ono wanga ali bwinobwino, akukuwa kuti, "Windo! Apatseni windo amayi anga!"

Tinasinthana malo minibasi ikuyenda, mawondo ndi zigongono zikugundana. Amayi anatulutsa mutu pawindo, ndipo zitumbuwa zonse zija zinatsala m'mbali mwa msewu kuyambira pa Chigumula mpaka polowera m'tauni. Mng'ono wanga anawagwira pamphumi ndi dzanja limodzi, lina likuwasisita kumsana, akuwauza kuti apume pang'onopang'ono, ayang'ane kutali. Za mimba yake anaiwaliratu. Anazindikira kuti tafika kondakitala atamenya denga n'kukuwa kuti, "Limbe! Akoleji afika osataya kanthu!" Anthu anaomba m'manja, ndi bambo wa jekete yemwe.

Tinawakhazika amayi pa kakhoma ka mu depoti. Ndinawapezera madzi, anachukucha m'kamwa, n'kupukuta kumaso ndi nsonga ya chitenje. Nkhope inali itatuwa, duku litapendekeka, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinaona kuti amayi akalamba. Basi ya mng'ono wanga inali itatsala pang'ono kudzaza, woitanira akukuwa kuti watsala munthu mmodzi. Iye anayang'ana basiyo, n'kuyang'ana amayi, kenako anatula chikwama chake n'kugwada patsogolo pawo.

"Amayi, ndibwerere nanu kunyumba?"

Sankafunsa mwamwambo chabe. Ndinamuona m'maso kuti amayi akangoti inde, abwerera, ndipo za ndege sadzazitchulanso. Amayi nawonso anaona. Anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Ubwerere ukatani?" anatero. "Zimene ukanasanza iwe ndakusanzira kale ine. Nyamula chikwama, kwera."

Anam'konza kolala ya bulauzi imene inali yokonzeka kale, n'kum'kankha paphewa. Mng'ono wanga anakwera, basi inanyamuka, ndipo amayi anaimirira n'kuiyang'ana mpaka inakhota kuseri kwa masitolo. Kenako anandigwira mkono.

"Tisakwere msanga," anatero. "Tikhaleko kaye pano."

Tinakhalanso pa kakhoma kaja, minibasi za ku Thyolo zikudzaza n'kumapita, ife osakwera.